Ulendo woyamba wa ku Dubai: khomo lolowera ndilo limanena zomwe mlendo akapeze

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo mwezi wa Epulo, ndalama zimayamba kuoneka m'misika ya Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma ndi Namitete. Wina amagula malata, wina njinga yamoto ya kabaza, wina amathamangira kukabweza ngongole ya feteleza. Koma m'zaka zaposachedwapa, m'macheza a achinyamata ndi amalonda a m'maderawa mwalowanso dzina lina: Dubai.

Dzinali lidafika kale, anthu ambiri asadapondeko phazi. Wogulitsa mafoni akafuna kukopa kasitomala amati katundu wake ndi wa ku Dubai. Mumzinda wa Lilongwe, ku Area 49, kuli dera lomwe anthu adangolitcha Dubai. Pa Facebook ndi TikTok pamayenda zithunzi za nyumba zosanja zofika m'mitambo, misewu yosalala ngati tebulo ndi magalimoto onyezimira, pansi pake pali nambala ya foni ya munthu yemwe akuti angathandize aliyense kukafika kumeneko.

Chomwe zithunzizo sizinena n'chakuti mzindawu uli ndi makomo atatu: la wokaona malo, la wokagula katundu ndi la wokagwira ntchito. Khomo lililonse lili ndi mapepala ake, mtengo wake ndi malamulo ake. Mavuto ambiri omwe alendo ochokera ku Africa amakumana nawo kumeneko amayamba munthu akalowera khomo lina, mtima wake uli pa khomo lina.

Tauni ya asodzi yomwe idasanduka msika wa dziko lonse

Dubai ndi limodzi mwa madera 7 omwe amapanga dziko la United Arab Emirates, mwachidule UAE, lomwe likulu lake ndi Abu Dhabi. Mzindawu uli m'mbali mwa nyanja yamchere ya Gulf, ndipo kumbuyo kwake kuli chipululu cha mchenga.

Pomwe dziko la Malawi linkalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, Dubai idali tauni yaing'ono ya asodzi ndi amalonda oyenda pa zombo zamatabwa, pansi pa chitetezo cha Britain. Kalembera wa 1968 adapezamo anthu pafupifupi 59 000 okha. Makolo a anthuwa ankadalira ngale zomwe ankavuula pansi pa nyanja, koma malondawo adagwa m'zaka za m'ma 1930 anthu a ku Japan atapeza luso loweta nkhono zotulutsa ngale. Umphawi womwe udatsatira udawaphunzitsa kuopsa kodalira chinthu chimodzi, phunziro lomwe mlimi wa fodya sangalione lachilendo.

Mafuta adapezeka mu 1966 ndipo adayamba kugulitsidwa kunja mu 1969. Dziko la UAE lidakhazikitsidwa pa 2 Disembala 1971. Koma mafuta a Dubai adali ochepa poyerekeza ndi a Abu Dhabi, ndipo Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum, yemwe adalamulira mzindawu kuyambira 1958 mpaka 1990, adadziwa kuti tsiku lina adzaphwa. Ndalama zake adaziika m'zinthu zokopa amalonda: doko la Port Rashid lidatsegulidwa mu 1972, la Jebel Ali mu 1979, ndipo mu 1985 kudakhazikitsidwa dera la Jebel Ali lomwe makampani akunja amachitiramo malonda popanda misonkho yambiri. Chaka chomwecho kampani ya ndege ya Emirates idayamba ndi ndege ziwiri zobwereka.

Lero mafuta amangobweretsa kagawo kakang'ono ka chuma cha Dubai. Mzindawu umadya kuchokera ku madoko, ndege, mahotela, nyumba, mabanki ndi malonda a golide. Mu 2024 bwalo la ndege la Dubai International lidalandira anthu oposa 92 miliyoni, kuposa kanayi chiwerengero cha Amalawi onse.

Chitukukochi sichidayende mopanda zipsinjo. Mu 2009 makampani a boma la Dubai adatsamwa ndi ngongole, ndipo Abu Dhabi idaponyapo madola 10 biliyoni a ku America mwezi wa Disembala chakacho. Nyumba yaitali koposa padziko lonse, yomwe inkamangidwa ndi dzina loti Burj Dubai, idatsegulidwa mu Januwale 2010 itatchedwa Burj Khalifa, polemekeza mtsogoleri wa Abu Dhabi wa nthawiyo.

Mbiri imeneyi ili ndi tanthauzo kwa mlendo. Mzindawu udamangidwa kuti uzikhalira thumba la wobwera kudzagula ndi manja a wobwera kudzagwira ntchito. Mwa anthu oposa 3.5 miliyoni omwe amakhalamo, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ndi obwera, ambiri mwa iwo ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh ndi Philippines. Eni nthaka ndi ochepa, koma malamulo ndi awo.

Ulendo umayambira pa mapepala

Munthu wa ku Nambuma kapena Kabudula amaziona ndege zikutsika ndi kukwera cha ku Lumbadzi, komwe kuli bwalo la Kamuzu International. Koma kuchokera pabwaloli palibe ndege yopita ku Dubai mwachindunji. Ambiri amasinthira ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines kapena ku Nairobi pa Kenya Airways. Ena amadzera ku Johannesburg, ndipo ena amayenda pamsewu wa Mchinji mpaka ku Lusaka, komwe Emirates imatera. Kuchokera ku Addis Ababa ndi ulendo wa maola pafupifupi 4, kuchokera ku Nairobi maola pafupifupi 5. Nthawi ya ku Dubai ili patsogolo pa ya Malawi ndi maola awiri.

Pepala loyamba ndi pasipoti, ndipo iyenera kukhala ndi miyezi yosachepera 6 isadathe mphamvu. Imatengedwa ku nthambi ya Immigration, osati kwa adobadoba oima pageti.

Lachiwiri ndi viza. Mmalawi sapatsidwa viza akafika pabwalo la ndege ku Dubai. Ayenera kuitenga asadanyamuke, kudzera ku kampani ya ndege, hotela kapena kampani yovomerezeka yokonza maulendo. Viza ya mlendo imakhala ya masiku 30 kapena 60, ndipo imayendera limodzi ndi tikiti yobwerera komanso umboni wa malo okagona. Munthu akapyoza masiku ake amalipira chindapusa cha madirham 50 pa tsiku lililonse.

Dirham ndiyo ndalama ya dzikolo, ndipo idamangiriridwa ku dola ya America: dola imodzi ndi madirham 3.67, ndipo zakhala choncho kuyambira 1997. Izi zikutanthauza kuti kwacha ikagwa, Dubai imakwera mtengo tsiku lomwelo kwa Mmalawi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Panthawi yachiwiriyi Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, adaimitsa maulendo akunja a iye mwini ndi nduna zake, ndipo umodzi mwa maulendo omwe adalephereka udali wa ku Dubai komweko, ku msonkhano wa zanyengo wa COP28. Ngati ulendowu udalemera boma, wamalonda wa pa Nsaru ayenera kuwerengetsa kawiri.

Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumakankhira ena kumsika wamseri, komwe dola imadula kwambiri. Kupatula kuti n'kuphwanya lamulo, ndalama zopanda chikalata cha banki zingathe kulandidwa potuluka m'dziko. Ku UAE nako, wonyamula ndalama zoposa madirham 60 000 amayenera kuziulula kwa akuluakulu a pabwalo la ndege.

Nyengo nayo njofunika. Ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimalowa m'thumba pakati pa Epulo ndi Ogasiti, nthawi yomwe ku Namitete anthu amaothera moto m'mawa. Ku Dubai imeneyo ndiyo miyezi ya ng'anjo: kuyambira Juni mpaka Sepitembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo chinyontho cha m'nyanja chimachititsa kuti thukuta lisaume. Miyezi yabwino ndi Novembala mpaka Malichi, koma apo mahotela amadula, ndipo kumudzi ndi nthawi yobzala, kupalira ndi kuthyola fodya.

Zomwe maso amayamba kuona

Mlendo woyamba amadabwa asadatuluke m'bwalo la ndege: makonde aatali, masitepe oyenda okha, zikepe zazikulu ngati chipinda, ndi anthu a mitundu yonse. Zikwangwani zimalembedwa m'Chiarabu ndi m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chimakwanira pafupifupi paliponse. Akatuluka panja m'miyezi yotentha, mpweya umamumenya kumaso ngati watsegula chitseko cha balani yofuwira fodya. Moyo wa mzindawu umachitikira m'kati mwa nyumba, m'magalimoto ndi m'sitima zokhala ndi makina oziziritsa.

Sitima ya Metro, yomwe idayamba kuyenda mu Sepitembala 2009, ilibe woyendetsa. Imadutsa pabwalo la ndege ndipo ndiyo njira yotsika mtengo yolowera mumzinda. Salipira ndalama m'manja. Amagula khadi yotchedwa Nol, yomwe imagwiranso ntchito m'mabasi. M'sitimamo muli chipinda cha amayi ndi ana okha, ndipo mwamuna wolowamo amalipitsidwa. Kudya kapena kumwa m'sitima n'koletsedwanso.

Magalimoto amayenda kudzanja lamanja, mosiyana ndi ku Malawi, choncho wodutsa msewu amayenera kuyamba wayang'ana kumanzere. Kudutsa pamalo posayenera kuli ndi chindapusa cha madirham 400, ndipo makamera ali ponseponse.

Zokopa alendo zilipo zambiri. Burj Khalifa ndi yaitali mamita 828, ngati mabwalo a mpira 8 atalumikizidwa n'kuimikidwa chilili. M'munsi mwake muli Dubai Mall, msika wa masitolo oposa 1 000, ndi akasupe ovina madzulo omwe munthu amaonera ulere. Kuli Palm Jumeirah, chilumba chomwe anthu adachipanga pothira mchenga ndi miyala m'nyanja, chooneka ngati mtengo wa kanjedza. Kuli hotela ya Burj Al Arab, yomwe idatsegulidwa mu 1999, yomangidwa ngati thanga la chombo. Madzulo makampani amatengera alendo m'chipululu kukakwera ngamira ndi kuonera dzuwa likulowa pamilu ya mchenga.

Koma chodabwitsa chachikulu kwa munthu wochokera kumunda ndi madzi. Dubai ilibe mtsinje woyenda chaka chonse. Mvula ya chaka chathunthu imangozungulira mamilimita 100, pomwe chigwa cha Lilongwe chimalandira oposa 800. Madzi akumwa amachokera m'nyanja, atachotsedwa mchere m'mafakitale odya magetsi ambiri. Kapinga ndi maluwa a m'mbali mwa misewu amamwa kudzera m'timapaipi, ndipo chakudya chambiri chimagulidwa kunja. Mvula ikabwera mwamphamvu mzindawu umasokonezeka: pa 16 Epulo 2024 kudagwa mvula yomwe idamiza misewu ndi kuimitsa ndege kwa masiku angapo.

Mzinda wakale ukadalipo, m'mbali mwa Dubai Creek, mkono wa nyanja wolowa kumtunda womwe umagawa Deira ndi Bur Dubai. Pamenepo timabwato tamatabwa totchedwa abra timaolotsa anthu pa dirham imodzi, ndipo zombo zakale zimapakirabe mafiriji, matayala ndi matumba a mpunga. Mlendo wa thumba lopepuka amapeza kuti Dubai yake ili kuno, osati pa zithunzi zija.

Khomo la wamalonda

Wamalonda wochokera ku Africa amafikira ku Deira, makamaka cha ku Baniyas Square ndi Naif. Kumeneko kuli mahotela ang'onoang'ono, masitolo ogulitsa mopikulitsa mafoni, zovala, nsapato, mafuta onunkhira ndi zipangizo zamagetsi, komanso makampani otumiza katundu ku maiko a mu Africa. Chiswahili chimamveka m'misewu, ndipo wosowa nsima amapeza ugali m'malesitilanti a anthu a ku Kenya ndi Uganda. Chapafupi pali msika wa golide ndi wa zokometsera ndiwo. Kunja kwa mzinda kuli Dragon Mart, msika waukulu wa katundu wa ku China, ndipo ku Ras Al Khor kuli misika ya magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Zipangizo zakale za magalimoto zimapezeka kwambiri ku Sharjah, mzinda woyandikana nawo.

Choyamba chomwe wamalonda amazindikira n'chakuti katundu wambiri "wa ku Dubai" sapangidwa ku Dubai. Amachokera ku China, India, Japan ndi kwina, ndipo mzindawu ndi mkhalapakati chabe. Phindu lake ndi loti zinthu zonse zili pamalo amodzi, munthu amagula zochepa, ndipo ulendo ndi waufupi kuposa wa ku Guangzhou. Koma mkhalapakati amadya yake. Pa katundu wina, monga zovala ndi ziwiya, mtengo wa ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, komwe munthu amafika pabasi, ungathe kupambana wa ku Deira akawerengera tikiti, viza ndi hotela.

Mtengo wa pasitolo si mtengo womaliza. Katundu wopepuka komanso wodula, monga mafoni, amatumizidwa pandege ndipo amalipiridwa pa kilogalamu. Wolemera amalowa m'kontena pa Jebel Ali, amalipiridwa potengera malo omwe watenga, n'kuyenda panyanja mpaka ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, kenaka pamsewu kapena panjanji. Zimatenga masabata ambiri, ndipo nthawi yonseyo mpamba umakhala uli m'madzi. Akafika, bungwe lotolera misonkho la MRA limafuna yake. Wamalonda yemwe sadafunse za msonkho asadanyamuke amaona katundu wake akugona m'nyumba yosungiramo, chindapusa chikukwera.

Pali misampha ina yodziwika. Foni yokonzedwanso imatha kugulitsidwa ngati yatsopano. Galimoto za m'misewu ya Dubai zili ndi chiwongolero kumanzere, choncho wogula ayenera kufunafuna kumisika yogulitsa za chiwongolero cha kumanja zopita kunja. Ndipo pali anyamata operekeza alendo m'masitolo, ooneka achifundo, omwe gawo lawo limabisika mumtengo womwe mlendoyo walipira. Lisiti yolembedwa bwino, dzina la kampani yotumiza katundu ndi nambala ya katunduyo ndizo mboni zokha zomwe munthu amabwerera nazo.

Kwa eni kulibe mkuwe

Dubai ndi mzinda womasuka poyerekeza ndi ena a m'chigawocho, koma uli m'dziko la Chisilamu lokhala ndi malamulo okhwima, ndipo kusadziwa sikupulumutsa munthu.

Chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo, ngakhale kachidutswa koiwalika m'thumba, zingathe kufikitsa munthu kundende ndi kuthamangitsidwa m'dzikolo. Mankhwala ena a kuchipatala, monga tramadol ndi okhala ndi codeine, amafuna kalata ya dokotala ndi chilolezo cha unduna wa zaumoyo wa dzikolo. Chifukwa cha ichi, kunyamulira munthu wina phukusi lomata, ngakhale atakhala wa kumudzi komweko, n'kuika khosi pa mpeni.

Mowa umagulitsidwa m'malo okhala ndi chilolezo okha, kwa anthu a zaka 21 kupita m'tsogolo. Kuledzera pamsewu ndi mlandu, ndipo ku Sharjah mowa ngoletsedwa kotheratu. Kutukwana, kaya pakamwa, ndi chala kapena mu uthenga wa pafoni, kumafikitsa munthu kukhoti. Kujambula munthu popanda chilolezo chake, makamaka mayi, kapena kujambula nyumba za boma ndi za asilikali, ndi mlandunso. Zovala zimayenera kukhala zaulemu m'misika ndi m'maofesi, ndipo m'mwezi wa Ramadan mlendo amayembekezeka kulemekeza omwe akusala kudya.

Kuyambira Januwale 2022 mapeto a sabata ku Dubai ndi Loweruka ndi Lamulungu, ndipo maofesi a boma amaweruka masana Lachisanu kaamba ka mapemphero. Mauthenga a WhatsApp amayenda, koma kuimba foni pa WhatsApp kudatsekedwa. Anthu amagwiritsa ntchito njira zovomerezeka monga Botim. Achibale otsala kumudzi ayenera kudziwiratu zimenezi, kuti asasokoneze vuto la foni ndi kusowa kwa munthu.

Khomo la wantchito: pomwe pagona nkhani

Ambiri mwa omwe amalota za Dubai m'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe safuna kukaona Burj Khalifa. Akufuna ntchito. Minda ikuchepa, feteleza wakwera, ndipo mnyamata yemwe adaphunzira ukalipentala kapena zomangamanga pa Namitete Technical College amaona kuti luso lake lingamupatse zambiri kunja. Maganizowa si a achinyamata okha: mu 2013 boma la Joyce Banda lidalengeza ndondomeko yotumiza achinyamata kukagwira ntchito ku Dubai, Kuwait ndi South Korea, ndipo mu Novembala 2023 gulu loyamba la achinyamata oposa 200 lidanyamuka kupita kuminda ya ku Israel.

Ntchito ku Dubai zilipodi: ulonda, zomangamanga, kuyeretsa, m'mahotela, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Malipiro sadulidwa msonkho. Koma lamulo lake ndi lomveka: munthu wolowa ndi viza ya mlendo saloledwa kugwira ntchito. Njira yoyenera imayambira kwa wolemba ntchito, yemwe amatumiza kalata yolonjeza ntchito yovomerezeka ndi unduna wa zantchito wa UAE, wodziwika kuti MOHRE, ndipo kalatayo ingathe kutsimikizidwa pa intaneti. Kenaka wolemba ntchitoyo amatenga chilolezo ndi viza ya ntchito. Lamulo la dzikolo limati ndalama zonse zolembera munthu ntchito alipire ndi bwana, osati wantchito, ndipo bwana alibe mphamvu zosunga pasipoti ya munthu.

Pali malamulo enanso oteteza wantchito. Kuyambira 15 Juni mpaka 15 Sepitembala, ntchito zapadzuwa zimaima kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana. Lamulo la 2022 la antchito a m'nyumba limawapatsa tsiku limodzi lopuma pa sabata, maola 12 opuma pa tsiku ndi masiku 30 a tchuthi pa chaka. Komabe mabungwe monga Human Rights Watch akhala akulemba za mapasipoti olandidwa, malipiro ochedwa ndi ngongole zomwe antchito amasenza kaamba ka ndalama zomwe adapereka kwa maejenti. Mabungwe a antchito ndi sitalaka n'zosaloledwa. Ufulu wokhala m'dzikolo udamangiriridwa ku ntchito: ntchito ikatha, munthu amapatsidwa nthawi yochepa yoti apeze ina kapena anyamuke.

Aliyense wofuna viza yokhala m'dzikolo amayezedwanso HIV ndi TB akafika, ndipo wopezeka ndi HIV sapatsidwa viza. N'kwanzeru kudziwa za thupi lako uli kumudzi, usadagulitse ng'ombe.

Antchito ambiri sakhala pafupi ndi nyumba zonyezimira zomwe amamanga kapena kulondera. Amagona m'makomboni a makampani ku Sonapur, Al Quoz ndi Jebel Ali, angapo m'chipinda chimodzi, ndipo basi imawatenga m'bandakucha. Omwe adapita pa viza ya mlendo n'cholinga chokasaka ntchito amachita lendi bedi lokha m'chipinda cha anthu ambiri, masiku a viza akutha, ndalama zikutha. Masiku akapyola, chindapusa chimayamba kuunjikana, munthu amaopa apolisi, ndipo amalola ntchito iliyonse pa malipiro alionse. Vutoli ndi lalikulu moti kuyambira Sepitembala mpaka Disembala 2024 boma la UAE lidapereka chikhululukiro kuti opyoza masiku atuluke kapena akonze mapepala awo popanda chindapusa.

Choopsa koposa n'chakuti dzina la Dubai limagwiritsidwa ntchito ngati nyambo. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC idaulutsa kafukufuku wa amayi a ku Malawi omwe adapezeka m'nyumba za anthu ku Oman, dziko loyandikana ndi UAE, akugwira ntchito ngati akapolo, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Mmodzi mwa iwo, yemwe adali ndi kabizinesi kake ku Lilongwe, adauzidwa kuti akukayendetsa galimoto ku Dubai, koma adakazindikira ali ku Muscat. Amayiwa adapezana kudzera pa gulu la WhatsApp lomwe adayambitsa mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America, ndipo boma lidati lidagwiritsa ntchito madola oposa 160 000 kubweza amayi 54. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Malawi ali ndi lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, lomwe chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende, zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana, ndipo pamilandu yoopsa kwambiri moyo wonse. Koma lamulo limagwira ntchito munthu atavulala kale. Chitetezo chenicheni chili pa mafunso omwe banja limafunsa mwana asadakwere minibasi yopita ku tauni.

Mafunso a pakhonde

Banja lomwe mwana wake wabwera ndi nkhani ya Dubai lili ndi zinthu zochepa zoti lione ndi maso. Pa viza palembedwa kuti ndi ya mlendo kapena ya ntchito? Pa tikiti, mzinda womaliza ndi Dubai, kapena ndi Muscat kapena Kuwait? Kalata ya ntchito ili ndi dzina la kampani, mtundu wa ntchito, malipiro, maola ndi malo ogona? Ejenti ali ndi ofesi yodziwika, ndipo a ofesi ya zantchito ya boma akumudziwa? Nanga n'chifukwa chiyani akufuna ndalama, pomwe lamulo la komwe akupitako likuti alipire ndi bwana?

Ejenti wofulumizitsa zinthu, woletsa munthu kuuza achibale, kapena womuphunzitsa kuti akanene pabwalo la ndege kuti akukaona mlongo wake, wadziulula yekha. Wopita moyenera amasiya kumudzi mafotokope a pasipoti, viza ndi kalata ya ntchito, amatenga ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja nambala za oimira Malawi m'chigawocho, ndipo amapangana ndi achibale tsiku loti azilankhulana sabata iliyonse.

Kwa wokaona malo yemwe ali ndi tikiti yobwerera ndi ndalama zokwanira, Dubai ndi mzinda wabata, waukhondo ndi wosaiwalika. Kwa wamalonda yemwe wawerengera msonkho ndi mtengo wa kontena asadanyamuke, ndi msika womwe ungakuze sitolo ya pa Nsaru. Kwa wantchito wa mapepala oongoka, ndi zaka ziwiri za thukuta zomwe zingamange nyumba ya malata ku Kabudula. Onsewa amatera pabwalo limodzi ndipo amaima pamzere umodzi, koma ofisala wa pawindo safunsa zomwe munthu adalonjezedwa kumudzi. Amangowerenga zomwe zalembedwa pa viza.